Zitsulo zinali chophimba m'maso: za magazini akale a amuna okonda amuna anzawo

Wowerenga wina amene akugwira ntchito ku Leeds, m'dziko la Britain, wafunsa motere: "Ndinalowa m'nyumba ina yoonetseramo zinthu zakale ndipo ndinapeza timagazini ta m'zaka za m'ma 1950 tili m'bokosi lagalasi. Pachikuto pali amuna ojintcha, ovala kansalu kakang'ono, ngati anyamata onyamula zitsulo. Koma pansi pake analemba kuti imeneyi ndi mbiri ya amuna okonda amuna anzawo. Zikugwirizana bwanji? Nanga ndi magazini oterewa amene anasintha maganizo a azungu pa nkhaniyi, kapena maganizo ndiwo anayamba kusintha?"

Achimwene, amene analemba mawu pansi pa galasilo sanalakwitse. Timagaziniti tinalidi ta amuna okonda amuna anzawo, ndipo zitsulozo zinali zongophimba m'maso mwa apolisi ndi a positi ofesi. Wogula ankadziwa chimene akugula, wogulitsa ankadziwa chimene akugulitsa, wapolisi nayenso sanali mwana. Vuto linali lokatsimikizira woweruza, pakuti palibe lamulo loletsa munthu kusirira minofu ya mnzake.

Kabisalidwe kotere sikanayambe mu 1950. Kwa zaka mazanamazana ku Ulaya, mmisiri wofuna kujambula mwamuna wosavala popanda kufunsidwa mafunso anali ndi zitseko ziwiri zolowera: nthano za Agiriki akale ndi mbiri ya oyera mtima a mpingo. Ku Athens, zaka za m'ma 500 Yesu asanabadwe, anthu ankajambula pa mitsuko ndi pa zikho amuna akufunsirana, ndipo sankaona chobisa. Tisawayese anthu a maganizo a masiku ano, chifukwa ubale umenewo unkayendera msinkhu ndi ulemerero, ndipo ku Roma kapolo analibe pakamwa pokanira mbuye wake. Chimene amisiri a pambuyo pake anatolapo kwa Agiriki ndi chilolezo. Ukaimika mwamuna pafupi ndi chipilala n'kunena kuti uyu ndi Apollo, chithunzicho chasanduka maphunziro. Ukamumangirira pamtengo n'kumulasa mivi iwiri, wasanduka Sebastian Woyera ndipo akhoza kupachikidwa m'tchalitchi momwe.

Zimene zinali poyera kwambiri ankazikonza kapena kuzitsekera. Michelangelo, mmisiri wotchuka wa ku Italy, analemba ndakatulo zachikondi kwa mwamuna wina wa ku Roma, Tommaso dei Cavalieri. Pamene wachibale wake anazisindikiza mu 1623, anasintha mawu kuti zioneke ngati ankalembera mkazi, ndipo mawu enieni anadzabwezeretsedwa m'zaka za m'ma 1800. M'Chichewa sakanavutika, poti "iye" ndi "iye" basi, koma Chitaliyana chimaulula ngati wokondedwayo ndi mwamuna kapena mkazi. British Museum, nyumba yoonetseramo zinthu zakale ya ku London, inatsegula chipinda chokiya mu 1865 chosungiramo zinthu zimene ankati ndi zolaula. Pali chikho china chasiliva cha Aroma, chimene amachitcha Warren Cup, chojambulidwa amuna akugonana. Mu 1953 a kasitomu a ku America anachikaniza kulowa m'dziko lawo. Mu 1999 British Museum inachigula pa mapaundi 1.8 miliyoni, ndipo lero chili poonekera kwa aliyense. Chikhocho sanachisinthe kalikonse.

Nkhani ya magazini ikuyambira ku Germany. Mawu akuti "homosexual", amene azungu amatchulira anthuwa lero, anapangidwa ndi Karl-Maria Kertbeny cha mu 1869, ndipo m'zaka zomwezo malamulo anali kulimba. Germany inaika gawo 175, loletsa amuna kugonana okhaokha, m'malamulo ake a milandu mu 1871. Britain inawonjezera lamulo la 1885 loletsa "zonyansa" zilizonse pakati pa amuna, ngakhale m'chipinda chotseka, ndipo ndi lamulo limeneli limene linatumiza mlembi wotchuka Oscar Wilde kundende zaka ziwiri za ntchito yakalavulagaga mu 1895. Chaka chotsatira, mu 1896, Adolf Brand anayambitsa magazini ya Der Eigene ku Berlin, imene ambiri amaiwerengera ngati yoyamba ya mtundu umenewu. Munali ndakatulo, nkhani ndi zithunzi za amuna osavala, ndipo Brand anakwera nayo khoti kangapo. Sindimutamanda kwambiri munthuyu, chifukwa gulu lake linkanyoza akazi ndiponso amuna ooneka ofewa. Mnzake wopikisana naye, dokotala Magnus Hirschfeld, anatenga njira ya sayansi ndi ndale: anakhazikitsa komiti yolimbana ndi gawo 175 mu 1897, kenako malo ofufuzira za kugonana mu 1919. Pofika zaka za m'ma 1920, magazini oterewa ankagulitsidwa poyera m'tizinyumba ta nyuzipepala m'misewu ya Berlin, kuphatikizapo Die Freundin, ya akazi okonda akazi anzawo, imene inayamba mu 1924.

Aliyense woganiza kuti mbiriyi inangoyenda chopita kutsogolo ayenera kuima pa Meyi 1933. Pa 6 mwezi umenewo, achinyamata a chipani cha Nazi anathyola malo a Hirschfeld, ndipo pa 10 mabuku ake anatenthedwa pabwalo mumzinda wa Berlin. Mu 1935 gawo 175 analiumitsa. Amuna pafupifupi 50,000 anagamulidwa, ndipo pakati pa 5,000 ndi 15,000 anaponyedwa m'misasa yachibalo. Nkhondo itatha, West Germany inasunga lamulo lomwelo mpaka 1969, ndipo linachotsedweratu mu 1994. Magazini imene inapulumuka ndi Der Kreis ya ku Zürich, m'dziko la Switzerland, imene inkatuluka m'Chijeremani, Chifalansa ndi Chingerezi mpaka 1967. Berlin, mzinda umene unali womasuka kuposa yonse, unatsekeka m'miyezi yowerengeka, magazini ali mbwee m'misewu. Apa pali kale theka la yankho la funso lanu lachiwiri.

Tsopano tibwere pa timagazini munationato. Ku America kunali lamulo la Comstock la 1873, loletsa kutumiza zolaula kudzera pa positi. Koma kunalinso chizolowezi cholemekezeka chojambula amuna amphamvu, chochokera kwa Eugen Sandow ndi magazini a zolimbitsa thupi monga Physical Culture ya Bernarr Macfadden, imene inayamba mu 1899. Mpata unali pamenepo. Mu 1945 mnyamata wina wa ku Los Angeles, Bob Mizer, anatsegula situdiyo panyumba ya mayi ake n'kuitcha Athletic Model Guild. Ankajambula asilikali apamadzi, anyamata osowa ntchito ndi onyamula zitsulo enieni, atadzola mafuta, atavala kansalu kongobisa kumaso kokha. Anakhalako m'ndende mu 1947 chifukwa cha zithunzi zakezo, koma atatuluka sanasiye, ndipo mu 1951 anayambitsa Physique Pictorial. Enanso anatsatira: Tomorrow's Man ku Chicago, Grecian Guild Pictorial, ndi ena ambiri. Onani dzina la Agiriki likubweranso.

Mukadakhala ndi mwayi wotsegula kamodzi, mukadaona msanga kuti si ka masewero. Malangizo a kanyamulidwe ka zitsulo ndi ochepa kapena mulibiretu. Amuna ajambulidwa awiriawiri, akulimbana, akusamba, wina wavala chipewa cha woyendetsa ngalawa, wina nsapato za woweta ng'ombe. Kukula kwake ndi kongokwana m'thumba la jekete, ndipo zimenezi sizinangochitika mwangozi. Munthu ankagula pamodzi ndi nyuzipepala, n'kukapinda mkati mwake. Mizer ankathiramonso timawu take todzudzula apolisi ndi oletsa mabuku. Mu 1957 anaika pachikuto chojambula cha munthu wa ku Helsinki, Touko Laaksonen, amene masana ankagwira ntchito pakampani yotsatsa malonda, ndipo Mizer ndiye anamupatsa dzina lakuti Tom of Finland. Amuna a Laaksonen anali osiyana ndi chithunzi chimene dziko linali nacho cha anthu oterewa, cha munthu wodwala, wamanyazi, woyenera kumveredwa chisoni. Iwo anali adzitho, okwera njinga zamoto, odula mitengo, ndipo chachikulu n'chakuti ankamwetulira. Ku Finland khalidweli linali mlandu mpaka 1971. Mu 2014 positi ofesi ya dziko lomwelo inatulutsa masitampu a zojambula zake.

Kumbukirani nyengo imene izi zinkachitika. Mu 1952 bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America linalemba khalidweli pa mndandanda wa matenda. Mu 1953 Pulezidenti Eisenhower anasaina lamulo limene linachotsetsa ntchito m'boma anthu ambiri ongoganiziridwa. Mwamuna wa m'tauni yaing'ono ku Kansas kapena ku Yorkshire analibe bala yopitako, analibe womuuza. Kamagazini kankamuuza chinthu chimodzi chimene sakanachimva kutchalitchi, kusukulu kapena kuchipatala: kuti ngati winawake wasindikiza zinthuzi n'kuzitumiza dziko lonse, ndiye kuti aliponso ena ambiri onga iye. Kumasamba akumapeto kunali maadiresi oitanitsirako zithunzi, mabuku, ndipo pambuyo pake magulu olemberana makalata. Wolemba mbiri David K. Johnson anaonetsa kuti magazini a minofuwa ankagulidwa kwambiri kuposa magazini a mabungwe omenyera ufulu, ndipo kuti amalondawa anamanga gulu la anthu odziwana mabungwewo asanakule. Ndimagwirizana naye, ngakhale kuti omenyera ufulu a nthawiyo ankachita nawo manyazi magaziniwa, poopa kuti awaonongera mbiri yawo ya masuti ndi mataye.

Magazini aulemuwo analiponso, ndipo nkhondo ya kukhoti anaiyamba ndi iwo. Mayi wina wogwira ntchito ya ulembi ku Los Angeles, amene ankadzitcha Lisa Ben, ankatayipa Vice Versa mu 1947 ndi mapepala a kaboni, makope ochepa chabe opatsirana pamanja. The Ladder, ya akazi, inayamba mu 1956. Magazini ya ONE inayamba mu Januwale 1953, ndipo munalibe zithunzi za anthu osavala. Komabe mkulu wa positi ofesi ya Los Angeles, Otto Olesen, anagwira kope la Okutobala 1954 ponena kuti ndi lolaula, mwa zina chifukwa cha nthano ya mtsikana amene anasankha mkazi mnzake m'malo mwa mwamuna womutomera. Makhoti awiri apansi anagwirizana ndi Olesen. Pa 13 Januwale 1958 khoti lalikulu kwambiri la America linatembenuza chigamulocho ndi chiganizo chimodzi chokha. Tanthauzo lake linali lakuti kungolemba za amuna kapena akazi okondana okhaokha si kulaula.

Zithunzi zinatsatira patapita zaka zinayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: amene anapita kukhoti anali wamalonda, H. Lynn Womack, munthu wophunzira mpaka digiri ya udokotala wa filosofi amene anasiya uphunzitsi n'kuyamba kusindikiza magazini. Mu 1960 a positi ku Alexandria, m'chigawo cha Virginia, anagwira mitokoma ya magazini ake atatu, MANual, Trim ndi Grecian Guild Pictorial. Mu Juni 1962 khoti lalikulu linamupatsa chilungamo. Woweruza John Marshall Harlan sanabise kuti magaziniwo anamunyansa, ndipo anavomereza kuti ogula ake ndi amuna okonda amuna anzawo. Koma anati zithunzi za amuna osavalazo sizinali zoipa kuposa za akazi osavala zimene anthu anali atazilolera kale. Apa chophimba chija chinayamba kutha ntchito. Mu 1965 magazini ya Drum ya ku Philadelphia inasindikiza mwamuna wopanda kansalu komwe. Musaisokoneze ndi Drum ya ku Johannesburg imene makolo athu ankawerenga, ndi dzina lokha lofanana. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 magazini a minofu anayamba kufa, osati chifukwa choletsedwa, koma chifukwa panalibenso chifukwa chonamizira zitsulo.

Pa funso lanu lachiwiri, maganizo anga ndi awa. Zithunzizi sizinatembenuze mtima wa munthu wamba. Bambo wa ku Leeds amene ankadana ndi khalidweli mu 1955 sanasinthe chifukwa choona chojambula cha Tom of Finland, ndipo mwina sanachionepo n'komwe. Zimene zinagwedeza maganizo a anthu ambiri zinali zina: kafukufuku wa Alfred Kinsey wa 1948, woonetsa kuti khalidweli linali lofala kuposa mmene ankaganizira, ntchito ya Evelyn Hooker ya 1957, yoonetsa kuti akatswiri ankalephera kusiyanitsa amunawa ndi anzawo poyeza thanzi la maganizo, lipoti la Wolfenden la chaka chomwecho limene linabala lamulo la 1967 lakuti amuna akuluakulu ogonana mseri asamaimbidwenso mlandu ku England ndi Wales, zipolowe za ku Stonewall, bala ya anthuwa ku New York, mu Juni 1969, madokotala a ku America kufufuta khalidweli pa mndandanda wa matenda mu 1973, ndi bungwe la WHO kuchita chimodzimodzi pa 17 Meyi 1990. Koposa zonsezi, anthu anayamba kuzindikira kuti amene akumunyozayo ndi mwana wawo, mlongo wawo, mnzawo wa kuntchito. Koma kuti munthu afike poulula kwa mayi ake, ayenera kuyamba wadziwa kuti sali yekha, ndipo kuti gulu liguba mumsewu, liyenera kuyamba lapezana. Ntchito ya magazini inali imeneyo. Anasintha owerenga ake, ndipo owerengawo ndiwo anakasintha ena.

Kubwerera m'mbuyo kunachitikanso. Edzi itabuka mu 1981, mantha anadzutsa chidani chakale. Ku Britain komwe muliko, kafukufuku wa British Social Attitudes anapeza kuti mu 1987 pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse ankati kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha n'kolakwika nthawi zonse, chiwerengero chokwera kuposa cha 1983. Mu 1988 boma la Margaret Thatcher linakhazikitsa Section 28, yoletsa makhonsolo "kulimbikitsa" khalidweli, ndipo inakhalapo mpaka 2000 ku Scotland ndi 2003 ku England ndi Wales. Ku America, nyumba ya zaluso ya Corcoran ku Washington inaimitsa chionetsero cha zithunzi za Robert Mapplethorpe mu 1989, iye atangomwalira kumene ndi Edzi. Chaka chotsatira, mkulu wa nyumba ina ya zaluso ku Cincinnati, Dennis Barrie, anaimbidwa mlandu woonetsa zolaula, ndipo khoti linamupeza wosalakwa. M'zaka zoopsazo nyuzipepala ndi magazini a anthuwa anagwira ntchito imene maboma ankachita nayo manyazi, yofotokoza mosapsatira mmene matendawa amafalikira ndi mmene kondomu imatetezera.

Pali china chimene galasi lija mwina silinakuuzeni. Mukayang'anitsitsa zikutozo mupeza kuti pafupifupi onse ndi azungu, achinyamata, a matupi a mtundu umodzi. Munthu wakuda akaoneka, kawirikawiri ankaoneka ngati chinthu chachilendo chodabwitsa ogula. Anyamata ambiri ojambulidwawo anali osauka, olipidwa tindalama tochepa, ndipo phindu linkatsala kwa mwini kamera. Mapplethorpe yemwe anadzudzulidwa chifukwa cha mmene ankajambulira amuna akuda. Amene anayankha bwino, kwa ine, ndi Rotimi Fani-Kayode, wobadwira ku Lagos mu 1955, amene banja lake linathawira ku England mu 1966. Iye ankajambula thupi la mwamuna wakuda pogwiritsa ntchito zigoba ndi zizindikiro za chipembedzo cha Chiyoruba, osati zipilala za Agiriki, mpaka imfa yake ku London mu 1989. Ku South Africa, Zanele Muholi wakhala akujambula nkhope za akazi akuda okonda akazi anzawo kuyambira 2006, chaka chomwe dzikolo linaloleza maukwati otere. Ngakhale zinali choncho, nduna ya zachikhalidwe Lulu Xingwana inatuluka pachionetsero china pamene panali zithunzi zake mu 2009 itakhumudwa nazo. Lamulo likhoza kuthamanga, mitima n'kutsalira.

Poti ndinu wakwathu, ndikutsineni khutu pa chinthu chimodzi chimene chikulumikiza bokosi lagalasilo ndi Malawi. Magawo 153 ndi 156 a malamulo athu a milandu, amene amapereka zaka 14 ndi zaka 5 m'ndende, anabwera ndi boma la atsamunda a Britain, ndipo mawu a gawo 156 ndi mphukira ya lamulo la 1885 limene linamanga Oscar Wilde. Eni ake anayamba kulisiya mu 1967, ife tinalisunga, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kulithetsa. Mozambique inachotsa lamulo lake mu 2015, Botswana mu 2019. Anthu kwathu amatsutsana kwambiri pa nkhaniyi, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'mabanja, ndipo si kamagazini ka 1955 kamene kangathetse mtsutsowo. Ndangofuna mudziwe kumene mawu a lamulolo anachokera.

Mukapeza tsiku lopuma, kwerani sitima ya pamtunda kuchokera ku Leeds kupita ku Saltaire, pafupi ndi Bradford, ulendo wa mphindi zochepa. Ku Salts Mill kuli zojambula zambiri za David Hockney, mwana wa ku Bradford komweko. Ali wophunzira ku London kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, khalidweli lidakali mlandu, Hockney ankasonkhanitsa makope a Physique Pictorial. Mu 1963 anajambula amuna awiri m'bafa la ku Los Angeles, mzinda umene anali asanaupondemo, potengera zithunzi za m'magaziniyo. Mu 1964 anapita kukauona yekha, ndipo anakafika mpaka kusitudiyo ya Mizer. Madziwe osambiramo amene anamutchukitsa anachokera paulendo umenewo, ndipo chimodzi mwa zithunzi zakezo, cha mwamuna woimirira akuyang'ana mnzake akusambira, chinagulitsidwa ku New York mu Novembala 2018 pa madola 90.3 miliyoni.